Masaya Amene Anatinamiza

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Wenya kuno ku Chitipa. Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, amuna anga anamaliza mankhwala a khate. Posakhalitsa zigamba za pakhungu pawo zinatupa, dzanja likuwotcha ngati moto. Adokotala anati khate linatha, koma thupi likudzimenya lokha. Anawapatsa mapiritsi ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, nawachenjeza kuti asadzasiye mwadzidzidzi.

Ululu unatha msanga, masaya n'kudzaza. Kutchalitchi azimayi ankandigwira dzanja: "Yewo mama, mwasamala. Onani mmene anenepera, achira awa." Amuna anga, amene kwa zaka ankakhala benchi yakumbuyo okhaokha, anakhulupirira. Anandiuza kuti, "Amake mwana, ndikwererenji mapiri wapansi kukatenga mapiritsi ena, mawere akucha kumunda?" Ndinawachonderera, koma kuchipatala sanapitenso, mapiritsi n'kuwathera.

Kunenepako kunali kwa mapiritsi. Mmene tinkawabweza kuchipatala, mitsempha inali itafa, zala zitapindika. Sizinawongokenso.

Lero Lamulungu likafika, mabatani a malaya awo ndimamanga ndine. Azimayi aja amangoti "Monire," maso ali pansi. Abale anga, zoti mwachira muzimva kwa adokotala, osati pakhomo la tchalitchi.