Tinatsika njinga pamasamba a maliro

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine mphunzitsi pasekondale ina pafupi ndi Dwangwa, ndipo ndimakhala mbali ya ku Ngala. Ambiri a inu mukudziwa kuti mkazi wanga Linesi anatisiya. Chimene simunamve n'chakuti maliro atapita ndinatsala pang'ono kutayanso mwana wathu Tadala, osati ndi imfa ayi, koma chifukwa ndinkalephera kukwera galimoto. Lero ndafuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandisungira mwanayu.

Linesi anali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono. Tsiku limenelo inamugwira masana akuyanika zovala, ndipo mankhwala ake opopera m'kamwa sanathandize. Ndinamugoneka pampando wakumbuyo wa galimoto yathu, mayi wina woyandikana nafe atamugwira mutu, ine n'kuthamangitsa galimoto mmene sindinachitirepo. Kuchipatala anatilandira msanga, koma Linesi anali atapita kale tili m'njira. Pa zimenezi ndilekeza pomwepa.

Tinakamuika kwawo kwa Malengachanzi. Pamaliro ponse sindinagwetse msozi. Sikuti ndinkadzilimbitsa, kungoti m'kati mwanga munali mutauma. Anthu anaona, ndipo ena analankhula.

Masiku opuma atatha, ndinamuveka Tadala yunifolomu. Anali sitandade wani pasukulu yoyandikana ndi yanga, ndipo tinkapita limodzi tsiku lililonse. Ndinatsegula galimoto n'kukhala pachiwongolero. Nditangotseka chitseko, manja anayamba kunjenjemera, pakhosi panatseka, ndipo ndinamva kupuma kwa Linesi kumbuyo kwanga ngati alipo. Ndinatuluka n'kukhala pansi. Mawa lake tinayesa minibasi. Kondakitala atangokoka chitseko ndinakuwa kuti aime, ndipo tinatsika anthu akutiyang'ana. "Bwana, mwaiwala chiyani?" anafunsa kondakitala, ine n'kumugwira Tadala dzanja kubwerera kunyumba.

Motero tinayamba kukhala pakhomo, ine ndi mwana. Kumutumiza yekha pa minibasi kapena pa njinga yamoto ya munthu wina sindikanatha, pakuti pamsewu womwewo ndinali nditataya kale mmodzi. Ahedi anandilezera mtima, koma teremu inali kupita ndipo ana a fomu folo analibe mphunzitsi. Dokotala anandiuza kuti vuto langa ndi lodziwika kwa anthu amene aona zoopsa, ndipo limatha pang'onopang'ono munthu akamalandira uphungu. Ndinamukhulupirira, koma nthawi ndi imene ndinalibe.

Mukudziwa kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba wa Tadala ndi alamu anga a Yohane, achimwene ake a Linesi. Pamaliro anavomera kuti mwana akhale ndi ine chifukwa cha sukulu. Nkhani ya kukhala kwathu pakhomo itawapeza, anandiimbira foni. "Alamu, tamva kuti mwana sakupita kusukulu, inunso kuntchito mwasiya. Tikamaliza kukolola mpunga ndibwera kudzamutenga." Sanakalipe, ndipo sananame. Ndikanakhala ine m'malo mwawo ndikananena zomwezo.

Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, limbitsani manja angawa kuti ndigwirenso chiwongolero. Abusa anabwera kudzapemphera nane, a mumpingo anasala kudya chifukwa cha ine. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'galimoto muja ndi chikhulupiriro, n'kutulukamo thukuta lili kamukamu. Mpunga m'madambo unayamba kufiira. Ndinafika poganiza kuti Mulungu wavomereza kuti nditsale ndekha m'nyumba imene tinali atatu.

Pali abambo ena achisilamu m'dera lathu, dzina lawo a Saidi. Amagula usipa padoko ku Ngala n'kukagulitsa pa njinga kwa anthu ogwira ntchito kunzimbe ku Dwangwa. Njira yawo imadutsa pakhomo pathu, koma kupatula moni sitinkachezerana. M'mawa wina ndikutuluka m'galimoto muja ndinawapeza ataima, phazi limodzi lili pansi.

"Aphunzitsi, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Koma ndakhala ndikukuonani mukulowa umo n'kutulukamo ngati munthu woyesa madzi osamba. Kodi sukulu inalemba ntchito inu kapena galimoto?"

Aka kanali koyamba kuseka chimwalirireni Linesi. Ndinawauza zoona, mwachidule. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Mawa lake anabwera akukankha njinga yakuda ya mwana wawo amene anapita ku Joni. Pakeliyala anali atamangapo khushoni ngati ya akabaza, ndipo anali atawotcheretsa tizitsulo topondapo mwana.

"Mwana akhale apa, agwire lamba wanu," anatero. "Muzinyamuka nafe kukangocha, dzuwa lisanapse. Lole ya nzimbe ikamabwera musalimbane nayo, chokani patala idutse. Zinazo Mulungu aona, inshallah."

Sindikubisirani, mtima wanga unakana. Ndinkapempha galimoto, osati njinga. Ndinali ndisanapalase chichokereni kusekondale, ndipo mtunda wake si wamasewera. Koma Tadala anali atakwera kale pakhushoni paja, miyendo ili m'malo, akundiyang'ana.

Tsiku loyamba ntchafu zinawotcha ngati moto, ndipo pamtunda wina ndinatsika n'kukankha. Tinafika kusukulu malaya atanyowa. Anyamata a fomu folo atandiona anakuwa, "Sala ayamba kabaza!" Ndinawauza kuti amene alephere mayeso a jogalafe adzandipeza pasiteji ndimuphunzitse ntchitoyo. Chachikulu n'chakuti ulendo wonsewo pakhosi sipanatseke. Pa njinga palibe chitseko. Mphepo imakumenya kumaso, ndipo ukafuna kuima umangoponda pansi.

Ndinazolowera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Malaya a kuntchito ndinayamba kuwanyamula m'chikwama, ndikafika ndimasamba kumaso pamjigo n'kusintha. Ndinaphunzira kumata chubu. Ndinadziwananso ndi anthu amene kwa zaka ndinkangowaimbira hutala kuti apatuke: odula nzimbe ochokera m'maboma osiyanasiyana, amayi a tomato, amakaniko, ena opereka moni m'Chitonga, ena m'Chitumbuka. M'mawa timayenda mndandanda m'mphepete mwa msewu, wakutsogolo akaona lole amakweza dzanja. Tayala likaphulika, sukhala wekha.

Chinanso chimene sindinkayembekeza n'chakuti Tadala anayamba kulankhula za amayi ake. Kunyumba sankawatchula, mwina poona nkhope yanga. Koma ali kumbuyo kwanga, osandiona kumaso, ankafunsa momasuka. "Adadi, amami ankatha kupalasa njinga?" "Adadi, kumene aliko mphumu iliko?" Ndinkamuyankha maso ali kutsogolo.

Ndinawaimbira alamu kuwauza kuti mwana wabwerera kusukulu. Anayankha kuti amva, koma banja linali litagwirizana kale zoti mwana akamutenge. Anawonjezera mawu amene anandilasa: "Kunotu anthu akuti mwamuna amene sanalire mkazi wake, mwana angamusamale bwanji?"

Mpunga utalowa m'nyumba, Loweruka lina m'mawa anandiimbira kuti atsika minibasi pa Dwangwa, ndikawatenge. Ndinamusiya Tadala kwa akazi awo a Saidi. Chikwama chake sindinalongedze. Ndinagwada pabalaza, ndipo nthawi ino sindinatchule za chiwongolero. Ndinangoti, Ambuye, mwana uyu ndi wanu, koma mukudziwa kuti ndi yekhayo amene ndatsala naye.

Alamu anga ndi munthu wathupi. Atandiona ndikufika pa njinga anayang'ana kumbuyo kwanga ngati galimoto ikubwera.

"Alamu, galimoto ija munagulitsa?"

"Ilipo. Kwerani."

"Thupi lonseli? Mukandigwetsa mukayankha kumudzi."

Anakwera. Tinayenda mtunda wautali osalankhulana, njinga ikulira ndi kulemera. Iwo anabwera kudzatenga mwana, ine ndikuwanyamula kuti akamutenge, ndiye panalibe nkhani yokamba. Titachoka patala kulowa msewu wafumbi wopita kwathu, tinapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Nonse mukudziwa tanthauzo lake. Pamudzi pagwa maliro, ndipo woyenda pa njinga amatsika, wa chipewa amavula, mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Wa galimoto amangochepetsa liwiro, mawindo ali otseka, posakhalitsa wadutsa. Ine chiikireni Linesi ndinali ndisanapondenso pamaliro alionse, ndipo ndikamva kuti kwinakwake kwagwa zovuta ndinkazungulira njira ina. Tsiku limenelo ndinali ndi mlendo, ndipo njira inali yomweyo. Tinatsika.

Tinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ine ndikukankha njinga, alamu ali pambali panga chipewa chili m'manja. M'nyumba amayi ankaimba. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango. Pakhonde panali mwamuna wamsinkhu wanga, atakhala pamkeka, anthu atamuzungulira koma iye osaona aliyense. Maso ake anali ouma, akuyang'ana malo amodzi pansi. Palibe anandiuza, koma ndinadziwa kuti womwalirayo ndi mkazi wake. Ndinadziwa zimene akumva m'makutu mwake pamene ena akuimba.

Ndinaima. Ndinagwira mahandulo mwamphamvu, ndipo kulira kumene kunakanika kwa Malengachanzi kunatuluka pamenepo, pakati pa msewu, pamaliro a munthu amene sindimudziwa ngakhale dzina. Alamu anandilanda njinga n'kuitsamiritsa pamtengo, kenako anandigwira paphewa n'kukandikhazika pakati pa amuna aja. Palibe anafunsa kuti ndine ndani. Mkulu wina anangosuntha kundipatsa malo pabenchi. Pamaliro munthu wolira safunsidwa chifukwa.

Tinakhalapo kanthawi, tinapepesa anamfedwa, n'kunyamuka. Titadutsa masamba a mbali inayo sitinakwerenso. Ndinawauza alamu zonse zimene ndinali ndisanauzepo munthu wa kuchikazi: mmene Linesi ankapumira kumbuyo kwanga, pamene kupumako kunalekera, ndi mmene ndinapitirizira kuthamangitsa galimoto ndikudziwa kale. Ndinawauza chifukwa chake sindingakhale m'galimoto muja.

Nditamaliza anati, "Alamu, bwanji simunanene? Ifetu tinkayesa simunamve kanthu." Anandiuza kuti ali mnyamata ndi iwo amene ankamubereka Linesi kumsana kupita naye kuchipatala mphumu ikamugwira, ndipo kupuma kumeneko akukudziwa. Tinayenda wapansi mpaka kunyumba, amuna awiri ndi njinga pakati.

Tadala atationa anathamanga kuchokera kwa a Saidi. "Amalume, mwakwera pampando wanga? Munagwira lamba wa adadi? Mukapanda kugwira mugwatu!" Alamu anamunyamula n'kumufunsa za kusukulu, iye n'kuwafotokozera zonse, mpaka za lole za nzimbe ndi za tsiku limene mvula inatipeza m'njira tikabisala pagolosale.

Anagona kwathu. Za kutenga mwana sanatchule tsiku limenelo, inenso sindinafunse. M'mawa wa Lamulungu, tikumwa tiyi, anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Mwana akhale. Patchuthi muzibwera naye aone agogo ake. Kumudzi ndikalankhula ndine." Ndipo analankhuladi. Mwambo wondisudzula utafika, zonse zinayenda mwamtendere, ndipo palibe anadzutsanso nkhani ya Tadala.

Abale, sindikunena kuti ndachiriratu. Uphungu ndikupitabe. Galimoto ndinaigulitsa, ndipo sindikudandaula. Minibasi tsopano ndimakwera ndikakhala pafupi ndi chitseko, moti patchuthi chapitachi tinapita kwa Malengachanzi ine ndi Tadala kukaona agogo ake ndi manda a amayi ake. Kuntchito ndimapita pa njinga yangayanga, ya a Saidi ndinabweza. Pobweza ndinafuna kuwathokoza ndi kenakake koma anakana, anangoti, "Alhamdulillah, mwana ali kusukulu. Basi."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa ngakhale sanandipatse chimene ndinatchula. Ndikanachira mmene ndinkafunira, ndikanakawatenga alamu pa galimoto, tikanadutsa pamasamba paja mawindo ali otseka, ndipo madzulo ake mwana akanapita. Ndikuthokoza a Saidi ndi banja lawo, abusa ndi a mumpingo, ahedi, anzanga a pamsewu, ndi alamu anga a Yohane. Mwamuna wa pakhonde uja ndinabwererako kukamuona, ndipo masiku ano timachezerana.

Kwa inu amene mwakhala mukupempha chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali osaona yankho, musaleke kupemphera, koma muziyang'ananso chimene chaima pakhomo panu. Mwina ndi chaching'ono kuposa chimene munapempha, mwina wabwera nacho ndi munthu amene simupemphera naye limodzi. Musachinyoze. Ndipo ngati muli ndi chisoni chimene chikukanika kutuluka, uzani munthu, musachisenze nokha monga ndinachitira ine. Ambuye amene anandisiyira Tadala m'nyumba mwanga akusungeni nonse. Ameni.