Nkhata ya Bwana wa ku Loji

A Bernadetta, tcheya wa kalabu ya alimi a ndiwo zamasamba ku Lobi, ndi mayi woti akamva chinthu ku maphunziro, ngakhale mutabwera ndi bambo mfumu simungawatembenuze. Ulendo uno anamva kuti anthu a m'tauni amalimbitsa ubale wa bizinesi popatsana maluwa. Ndiye popeza mayi Tiwonge, bwana watsopano wa loji ina ya pa Dedza Boma, ankafuna kuleka kugula kabichi wa kalabuyo, a tcheya anatuma alamu awo a Gerevazio kuti akapereke maluwa. A Gerevazio ndi munthu wabwino, kungoti ukawauza kuti dikirani pano, ukawapeza pomwepo mvula itawathera pamutu. Koma maluwa amawadziwa: nkhata zonse za pamaliro mumphakati mwawo amaluka ndi iwo.

A Gerevazio atabwerako, awiriwa anakumana kudimba, a Bernadetta akuyang'ana mwankhawa mitu ya kabichi imene inali itayamba kale kung'aluka.

"Mwapereka, alamu?"

"Ndapereka."

"M'manja mwawo?"

"Ayi, anali atapita ku Lilongwe. Ndinangolowa mu ofesi, n'kuvula chipewa, n'kuika pampando pawo. Kenako ndinabwerera chafutambuyo, n'kuwerama."

A Bernadetta anagwedeza mutu mokhutira. Ulemu wotero ngakhale aphunzitsi aja sanautchule.

"Nanga antchito awo anati chiyani?"

"Mayi wophika wa palojipo anangoti kuona, chipande pansi, n'kuyamba kulira."

"Mwaonatu. Anatiuza kuti ena amagwetsa misozi ya chimwemwe."

"Anagubuduka pasimenti."

"Chimwemwe chimasiyana, alamu. Ena chimawagwira m'miyendo. Mawu anga aja munanena?"

"Onse, osasiyako. Ndinaima pakati n'kuti: a tcheya akuti bwanawa sitidzawaiwala, ndipo malo awo m'mitima mwathu palibe adzawatseke."

"Eya, ndi momwemo."

"Pamenepo mlonda naye anakhala pansi, manja kumutu. Akuti wakhala akunena kuti msewu wa ku Lilongwe uja madalaivala amathamanga udyo."

Apa mpamene kanthu kanawalasa a Bernadetta mumtima. Anatsamira khasu, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti maluwawo anawamanga motani. A Gerevazio anajambula m'malere ndi manja awiri chinthu chozungulira bwinobwino, n'kufotokoza monyadira za waya, masamba a mkungudza ndi maluwa oyera amene anapempha kwa asisitere.

"Kalanga ine. Mwakayala nkhata pampando pa munthu wamoyo?"

"Munati maluwa okonzedwa bwino. Ine kakonzedwe ndimadziwa kamodzi."

"Ndimati ogwira m'manja, alamu. Omanga ndi kansalu."

"Ogwira m'manja amafota msanga. Yanga ija ya agogo a Anjelina mpaka lero ili pamanda."

A Bernadetta anakhala pamzere. Anaopa zenizeni. Kabichi yense uyu adzadya ndani, mbuzi? Nanga amayi a m'kalabu akawauza chiyani? Komabe kuvomera kuti nzeru ya ku maphunziro yalakwika, ayi, kuli bwino kumeza mwala.

"Mwatiphera msika, bambo inu. Ndiye munathawa?"

"Ndithawirenji? Munati ndidikire yankho."

Ndiye anadikiradi, chipewa pachifuwa, maliro akukula. Malinga ndi a Gerevazio, alendo anatuluka m'zipinda, wina anazimitsa wailesi, wina anayamba kutulutsa mipando panja. Amene sanagwetse msozi anali Petulo yekha, mkulu wogula zakudya pa lojipo, yemwe uja wakhala akunong'oneza bwana kuti kabichi wa ku Lobi ngwamphutsi pofuna kuti azigula kwa msuweni wake.

"Iye anatani?"

"Anachotsa nkhata pampando, n'kukhalapo yekha. Mpando uja ngwozungulira. Anazungulira nawo, n'kulengeza kuti kuyambira lero makiyi onse azikhala kwa iye."

"Mtembo asanauone n'komwe?"

"Mtembowo ndi umene unalowa, chikwama kumanja, ukudya chimanga chootcha."

A Bernadetta anatseka pakamwa ndi chitenje.

"Mayi wophika anathawira kuseri kwa firiji. Mlonda anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Petulo anafuna kudzuka, koma mpando unali usanamalize kuzungulira."

"Nanga bwanawo?"

"Anayang'ana nkhata, n'kuyang'ana misozi ya anthu, n'kuyang'ana Petulo. Kenako anafunsa kuti wabweretsa ichi ndani. Ndinakweza dzanja."

"Mayo ine. Simukanakhala chete?"

"Anafunsatu."

"Basi, nenani. Atithamangitsa?"

A Gerevazio anakanda m'mutu, pofuna kukumbukira mawu enieni a bwanawo, poti iwo uthenga sachepetsa kapena kuonjezera.

"Akuti chifikireni pamalopo akhala akufuna kudziwa amene amawakonda ndi amene amangowasekerera, ndiye lero adziwa osavutika. Akuti kabichi tipititse monga mwa masiku onse, tionjezere karoti ndi kachewere, ndipo azilandira ndi mayi wophika uja. Nkhatayo aipachika kuseri kwa chitseko. Petulo ndamusiya akusenza matumba a makala."

A Bernadetta anadzuka, n'kusasa dothi pachitenje, n'kuchimanganso mwamphamvu, nkhope itabwerera ya utcheya.

"Ndimanena chiyani ine? Maluwa amalimbitsa ubale. Inu anthu osapita ku maphunziro mumangotsutsa zilizonse."

"Ine sindinatsutse, alamu."

"Waya watsala?"

"Watsala."

"Mawa mulukenso ina, yokulirapo. Bwana wogula nyemba zathu uja nayenso wayamba matama. Koma mukafika, muyambe mwafunsa ngati wachokapo."