Wachiwiri wa a Maubrac

Loweruka m'mawa pamsika wa ku Figeac, m'dziko la France, mayi wina ndi bambo wa chikhoti chotuwa anali pamzere wogula tchizi, akuyang'ana phungu wawo, a Maubrac, akupatsa anthu moni wa m'manja.

"Aka n'kachinayi kupambana, bambo. A zipani za kumanzere amawakonda, a kumanja amawakondanso."

"Munthu wapakati uyo, mayi. Boma likasintha, iye amangosendeza mpando pang'ono."

"Mukuyankhula ngati mumawadziwa."

"Taonani chithunzi chake pakhomapo. Kadzina kali m'munsiko, kofuna magalasi, ndi kanga. Ndine wachiwiri wake, zaka khumi ndi zisanu tsopano."

"Ndiye ku Paris mumapitira limodzi?"

"Ine? Iye amakwera sitima kupita ku Nyumba ya Malamulo, ine n'kumamuimirira pamaliro ndi pachionetsero cha ng'ombe. Mpandowo ungakhale wanga pokhapokha atam'patsa unduna, kapena atamwalira."

"Undunawo sangawapatse?"

"Angam'kumbukire ndani munthu amene sanayambanepo ndi aliyense?"

"Pepanitu. Nanga masoseji onsewa, kuwonjezanso tchizi, mudya nokha?"

"Ayi, ndi mphatso yake. Ndimam'patsa sabata iliyonse. Adokotala anamuletsa zamafuta."