Mapepala Anga Analowa mu Mtondo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Chiputo. Ndikuuzeni mmene mvula ya chaka chatha inatsala pang'ono kuchotsa mdzukulu wanga Felizarda pasukulu, ndi mmene Mulungu anandiyankhira m'njira imene sindinaikonde.

Felizarda amaphunzira kujambula mapulani a nyumba kutauni. Kuti akhoze chaka, purufesolo wake anafuna maketi, ndiko kuti kanyumba kakang'ono ka pathabwa kosonyeza mmene nyumba yeniyeni idzaonekere. Iye anasankha nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, poti mayi ake anamuberekera panjira. Anabwera kudzapuma ali ndi kartolina, mapepala olimba aja, ndi kola yomatira, nakhala pakhonde masiku ambiri akudula ndi kumata. Maketi itatha tinaiika pamwamba pa kabati, ndipo denga linadontha pomwepo. Pamene tinkazindikira, makoma anali atafewa ngati ndiwo zamasamba. Mpaka lero ndikadali wokwiya ndi amene anandifolera denga limenelo, ndipo pepala la pangano lathu ndili nalo.

Kuno kartolina sagulitsa. Mtsinje unali utadzaza, magalimoto osadutsa. Akanapanda kupereka maketi, bolsa imene imamulipirira sukulu ikanathera pomwepo, ndipo ife a khasu sitikanatha kumubwezako. Anayesa dongo, linang'aluka. Mapesi a chimanga anapindika ndi chinyezi. Bango linakana kola. Ndinkamuona akuonda, zala zili mabala okhaokha, mpaka tsiku lina anakankhira mpeni kumbali.

"Agogo, basi. Ndipatseni khasu ndizilima nanu."

Ndinatopa, abale. Ndinagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi, ndipo ndinkamuuza Mulungu mwatchutchutchu zoti achite: aphwetse mtsinje, atumize kartolina. Mvula inangowonjeza.

Pansi pa kama wanga pali bokosi lachitsulo. Chiyambire unyamata sinditaya pepala. Makalata, makadi a katemera wa ng'ombe, nyimbo za kwaya, makope a ana anga onse, zonse zili mmenemo, zomangidwa chaka ndi chaka, ndi masamba a fodya othamangitsa chiswe. Felizarda analiyang'ana bokosilo m'mawa wina.

"Agogo, mmenemo chinyezi sichilowa eti?"

"Sichilowa. Nawenso sulowamo."

"Mapepala mukawasinja n'kusakaniza ndi phala la chinangwa, amauma gwa. Tinayesapo kusukulu."

"Iwe, ukufuna usinje moyo wanga wonse?"

Ndinatenga khasu n'kupita kumunda nditakwiya. Ndili mkati mopalira ndinayambanso pemphero langa lija, ndipo linandithera pakamwa. Ndinkapempha mapepala kwa Mulungu, chonsecho ndimagona pamwamba pa mapepala.

Nditabwerera ndinatsegula bokosi lija n'kusankha mapepala ndekha. La ubatizo, la ukwati, la munda ndi la wofolera denga uja ndinapatula. Otsalawo tinawaviika m'madzi. Pamene munsi unayamba kugunda, ndinatembenukira kukhoma. Mwanayo anapapatiza phalalo pathabwa ndi botolo, n'kuliyanika pansanja pamwamba pa moto. Zidutswa zoyamba zinathyoka, ndipo mtima wanga unathyokera limodzi, poti mmenemo munali makope a malemu mwana wanga. Anazisinjanso, nathiramo ulusi wa khonje. Ulendo uno makoma anaima, otuwa, olimba. Pakhoma lina ndinaona theka la dzina langa.

Madzi atachepa, mlendo wina wokumba golide, munthu wosapemphera nafe, ankapita ku Fingoe, njira ya kutauni, pa njinga yamoto. Anamukweza Felizarda, maketi ataikulunga m'nsalu pamiyendo, ndipo pamtsinje mlendoyo anaisenza pamutu n'kuwoloka nayo. Mwanayo anakhoza. Bolsa ikupitirira, ndipo akuti anzake tsopano akumufunsa kaphikidwe ka phala lija.

Pepala la zotsatira ananditumizira. Ndaliika m'bokosi muja, mmene muli malo ambiri masiku ano, ndipo ndikalitsegula ndimamvabe kuwawa. Koma ndikuyamika Mulungu amene anandisungitsa mapepala zaka zonsezi osandiuza ntchito yake. Inu amene mwatopa, musaleke kugwada. Koma musanadzuke, poti mwawerama kale, suzumiraninso pansi pa kama wanu. Amen.