Mayina Atatu a Bambo Yotam

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1960 kuno ku Vubwi, m'nyumba imene inali paja pali mtengo wa mango apo. Ndikubwereza kuti amve ndi akutali omwe: kuno, ku Zambia. Mayi awo anali a Lucia Mbewe a m'mudzi muno. Bambo awo, a Kwenda, anali mkamwini wochokera kutsidya, ku Mozambiki. Pa ubatizo analembedwa Yotam Kwenda.

Mu 1968 atsibweni awo anawatenga kukawaphunzitsa ku Katete, nawalembetsa pa dzina lawo, Yotam Mbewe. Ambiri a ife tinalowa sukulu choncho, ndipo palibe ankaona cholakwa.

Mu 1987 anamanga banja ndi mayi Winfrida a ku Mchinji, ku Malawi. Analima thonje ndi nsawawa moyo wawo wonse. Mwana anachedwa, koma mu 2005 Mulungu anawapatsa Alice.

Mu Okutobala 2021 moto wolusa unatentha nyumba yawo, chitupa chawo cha unzika chinapsera momwemo. Alice atamaliza sukulu anapeza malo a unamwino, koma panafunika chitupa chake, ndipo poti mayi ake ndi a kutsidya, womuimira anali bambo okha. Malemu anapita ku ofesi ya zitupa ndi mapepala a tchalitchi ndi a sukulu. Kumeneko anaona Kwenda, anaona Mbewe, nagamula kuti awa ndi anthu awiri, ndipo mmodzi ndi mlendo.

Maulendo khumi ndi limodzi pa njinga, abale anga! Lero bwerani mawa, mawa bwana kulibe. Potsiriza anati abweretse mboni yowaposa zaka. Tinanyamula a Kalisto, a zaka 91, pa ngolo ya ng'ombe. Atafunsidwa kuti munthuyu ndani, a Kalisto anayankha mokondwera ndi dzina la paubwana lija, Chimtengo. Mayina anakwana atatu, nkhani inathera pompo. A Kalisto, musawerame, inu munanena zoona.

Malemu anayamba kudwala mu Ogasiti 2024, ndipo anatisiya pa 3 Febuluwale 2025. Pansi pa pilo wawo tinapeza envulopu ya mapepala aja. Kunena mosabisa, zimenezi zatikwiyitsa. Lero tikuwaika pambali pa mayi awo ndi agogo awo, kumanda kumene mlendo sagona, ndipo adzukulu okumba sanafunse pepala.

Asiya mayi Winfrida, mwana mmodzi Alice amene akadali pakhomo wopanda chitupa, ndi ana a alongo awo asanu ndi mmodzi. Tikuthokoza a mpingo, amayi a chigwirizano, adzukulu, ndi a Webby amene anatibwereka ngolo tsiku lija ndi lero lomwe.

Pempho ndi limodzi. Nonse amene munawadziwa, musanabalalike mulembetse dzina lanu kwa a Webby ngati mboni. Lolemba tikupita ndi Alice ku ofesi kuja, tikaone ngati mudzi wonse nawonso ndi wosakwanira.

A Kwenda, a Mbewe, a Chimtengo, usani mumtendere. Kumene mwapitako akukudziwani.