Mayi Ophelia Makwinja, Amene Anakana Kusaina

Ine ndine Wyson Chimenya. Ndinagwira ntchito ndi malemuwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo abanja andipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Mayi Ophelia Makwinja anabadwa m'chaka cha 1968 kwa Mposa, m'boma la Machinga. Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo konko, ya sekondale anamalizira ku Balaka mu 1988. Mu 1991 anamanga banja ndi Bambo Festus Makwinja, amene anatisiya mu 2012.

Ntchito anayamba ngati wotayipa makalata ku Liwonde. Kenaka anachita maphunziro a kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo mu 2005 anakhala mkulu woona zogula mu ofesi yathu. Lamulo la ntchito yawo ankalidziwa pamtima.

Mu 2014 kunabwera mgwirizano woti boma lipereke malo ndi mapampu a sikimu ya mthirira kwa Kalembo, kampani ina iziyendetsa sikimuyo ndi kugawira alimi madzi. Malemuwa atawerenga mapepala anapeza kuti ntchitoyo sinalengezedwe kuti makampani apikisane, monga lamulo linenera. Munalibenso ndime yonena chomwe chidzachitike kampani ikadzawamana alimi madzi. Mukomiti yovomereza mgwirizanowo tinalipo asanu. Iwo anaika cholembera pansi nati, "Iyayi, abwana. Madzi akadzatsekedwa, anthuwa adzalowera kuti?" Anayi tinasaina. Mmodzi mwa anayiwo ndine.

Pasanathe mwezi anawasamutsira ku Utale kukayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Sanakwezedwenso mpaka kupuma.

Mu 2016 mvula inadula chimanga chisanamasule. Kampani inathirira nzimbe zake, ngalande za alimi n'kuuma. Anthu a kwa Kalembo anadya gaga ndi mango owiritsa, ena ankalowa mu Shire kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, ng'ona zili momwemo. Malemuwa analemba makalata khumi ndi imodzi kupita kumaofesi akuluakulu. Yankho linabwera limodzi lokha, lakuti nkhaniyo ikuunikidwa. Ndiye malemuwa anathandiza alimi asanu ndi atatu kukasuma kukhoti, ndipo tsiku lililonse la mlandu ankakwera nawo minibasi, envulopu ya mapepala ili pamiyendo. Mlanduwo wasinthidwa tsiku kasanu ndi kawiri.

Anali mkhristu wa Mpingo wa Katolika, ndipo m'gulu la amayi anali mlembi. Nthawi ya njala pakhomo pawo pankadya ana a anthu ena, iwo n'kumanama kuti adya kale.

Chaka chino cha 2024 njala itabweranso, kampani inanyamuka, mapampu n'kutenga. Malemuwa anapita okha kukaona. Anapeza mapaipi odukaduka ndi mbuzi zikudya m'ngalande. Patapita masabata awiri anagwa pakhomo pawo, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Kuyambira pamenepo sanayankhulenso. Atisiya Lachiwiri, pa 15 Okutobala, kuchipatala, ali ndi zaka 56.

Mlandu uja auika pa 11 Febuluwale chaka chamawa. Mwa alimi asanu ndi atatu amene anasuma, atsala atatu.

Malemuwa asiya mayi awo owabereka, Gogo Dalesi, ana atatu, Nelia, Thokozire ndi Laisi, zidzukulu zinayi, mchemwali mmodzi ndi alongo awiri.

Mayi Makwinja, kuno simunamvedwe. Mulungu akulandireni, mupumule mu mtendere.