Ukonde Umene Watenga Mayi Hyun Gye-wol Ukadali M'madzi

Malemu amene atisonkhanitsa panowa, Mayi Hyun Gye-wol, anabadwa pa 9 Malichi 1951 pa kachilumba ka Udo, m'banja la ana asanu ndi awiri, iwo ali achitatu. Ine ndaima panone ndine Bu Ok-hwa, mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo. Mbiriyi anayenera kuwerenga ndi mwana wawo wachisamba, a Sang-pil, koma mawu akuwakanika kutuluka, ndiye banja lati ndiyankhule ndine. Mundikhululukire ndikapatuka pena. Si chisoni chokha ayi, ndili ndi mantha.

M'chaka cha 1959 malemu anayamba sukulu, ndipo anaphunzira zaka zitatu zokha. Masiku amenewo mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake, makolo ankati zakwana, nyanja ikudikira. Amayi awo anawapatsa chikho choyandamira ndi kathumba, n'kuwakankhira m'madzi osaya. Asanakwane zaka makumi awiri anali akutsika kale kumene anzawo ankaopa ngakhale kusuzumirako, opanda botolo la mpweya, monga titsikira tonsefe, ndi mpweya wa m'chifuwa mwawo wokha. Ankatuluka ndi nkhono zazikulu ngati chikhatho cha mwamuna.

Pa 2 Disembala 1973 anakwatiwa ndi achimwene anga, malemu a Bu Man-cheol, n'kubwera m'mudzi muno. Tsiku loyamba kutsikira limodzi sitinayambe bwino. Anandiona ndikutuluka m'madzi thumba lili pepu, n'kufuula kuti, "Alamu, kodi munapita kukasamba?" Amayi onse anafa nacho chiseko, ine nkhope gwa. Koma titakhala pamoto mu mpanda wamiyala umene timaotheramo tikatuluka m'madzi, anatapa nkhono m'thumba mwawo n'kuthira m'langa mwakachetechete, kuti ndisakalowe m'nyumba ndi manyazi. Anali otero alamu anga: pakamwa tsabola, koma dzanja lotambasuka.

M'banjamo munabadwa ana atatu: a Sang-pil mu 1974, a Mi-ryeong mu 1977 ndi a Jae-ok mu 1981. Mwa atatuwa, wamkaziyo, a Mi-ryeong, ndiye anatsata amake kunyanja, ndipo anatengera zonse ziwiri, chifuwa chosunga mpweya ndi liuma. Amuna awo atamwalira mu 2004, malemu analira masiku oyenera, kenako n'kuvala chovala chawo champira kubwerera m'madzi.

M'chaka cha 2006 amayi otsika m'nyanja a mudzi uno anawasankha kukhala mtsogoleri wawo. Chimene ankalimbikira koposa ndi khutu. Aliyense wa ife akatulukira pamwamba amatulutsa mpweya ndi mluzu, ndipo mluzu wa munthu aliyense ndi wakewake. Malemu ankatidziwa tonse ndi mluzuwo osatembenuka n'komwe. Wina akachedwa kumveka, iwo anali atayamba kale kusambira kulowera kumene kuli chikho chake. Ankati, "Nkhono ukaisiya uipeza mawa. Mnzako sumupeza mawa." Zaka zonse zimene anatitsogolera sitinataye munthu ngakhale mmodzi.

Kuyambira cha m'ma 2010 ndiwo anali oyamba kudandaula kuti nyanja yasintha. Majumbo, mabotolo, zotengera zakudya zotayidwa, zingwe, zidutswa za maukonde a nayiloni zimene a maboti akuluakulu amangodula n'kusiya zikakodwa. Tikatuluka m'madzi tili wefuwefu, iwo ankatigwiritsa ntchito yotola zinyalala pagombe, ife tikung'ung'udza. Kamba wa m'nyanja akafera pagombe, malemu ndiwo ankamukulunga m'nsalu yoyera, kumuthirira mowa wa mpunga n'kumubwezera m'madzi, pakuti kamba ndi mwana wa Mfumu ya Nyanja. Ndili mtsikana, zoterezi zinkachitika kamodzi pa zaka zambiri. Zaka zapitazi nsalu yoyera sinkasowa m'nyumba mwawo. Kamba wina tinamupeza jumbo ikulendewera kukamwa, ukonde utalowa m'khosi mpaka pafupa. Ine ndinatembenukira kumbali. Malemu anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Uyu amapuma ngati ife, alamu. Amatsika, amakwera, amapuma. Wangolephera kukwera basi."

M'chaka cha 2023 malemu anatula pansi udindo wawo, ndipo mudzi unawalemekeza monga tichitira ndi wamkulu aliyense. Tinawapatsa malo m'nyanja ya agogo, kadooko kaja ka kuseri kwa miyala yakuda, kamene madzi ake ndi osaya ndiponso odekha. Mmenemo wamphamvu salowamo, ndi mwa okalamba okha, kuti nawonso azipeza kanthu osalimbana ndi mafunde. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati, "Mwatopa nane eti? Mukundiika mu bafa ngati khanda!" Tinawanyengerera, ana awo anawachonderera, mpaka anavomera. Tonse tinapuma, tinati tsopano tawaika pabwino.

Mwambowu ndi wabwino, ndipo makolo athu sanalakwe pouyambitsa. Koma iwo anauyambitsa m'nyanja ina, osati inoyi. Kadooko kaja n'kodekha chifukwa chimene mafunde alowetsamo sichitulukanso. Ife amphamvu sitinkalowamo polemekeza akulu, ndiye panalibe maso akuthwa oona zimene zikuunjikana pansi pake. Komanso ndani pano sadziwa kuti kutsika zaka zambiri kumatha makutu? Tinasonkhanitsa ogontha pamalo amodzi kuti azimverana mluzu. Kalanga ine!

Pa 14 Meyi chaka chino, m'mawa dzuwa lili bwinobwino, tinatsika monga mwa masiku onse. Ife tinapita kutali, malemu anatsala m'kadooko ndi agogo anzawo awiri, amene ali pompano ndipo palibe amene akuwaloza chala. Agogo awiriwo sanamve kanthu chifukwa sakanatha kumva. Amene anazindikira ndi a Mi-ryeong. Anatulukira pamwamba kutaliko, n'kuona chikho cha amake chili duu, malo amodzimodzi. Anatchera khutu, zii. Anataya thumba lawo n'kusambira ngati wamisala, ine ndili pambuyo.

Ndanena kuti ndili ndi mantha, tsopano mumve chifukwa chake. Ndinauona ukondewo ndi maso angawa. Si kachidutswa ayi. Ndi chimulu chachikulu kuposa chipinda chino, chapiringizana ndi zingwe ndi majumbo, ndere zamerapo moti ukachiona uyesa mwala. Ulusi wake m'madzi suoneka, umangoumva wakugwira. Ndipo chimayenda. Funde likabwera chimatambasuka, likabwerera chimafumbata. Alamu anga chinawagwira phazi pamalo oti ataimirira pa mapewa anga mutu ukanatulukira kunja. Pamene a Mi-ryeong ankadula ulusiwo ndi zenga, chinawakulunga nawonso mkono, ndipo ndinachita kuwakoka ndi lamba wa m'chiuno. Nsalu imene mukuiona pamkono pawoyo yaphimba bala la tsiku limenelo. Chiyambire tsikulo, ndikangotseka maso ndimamva kanthu kakundikhudza pa akakolo.

Titawavuula malemu, tinathamangira nawo kuchipatala cha mumzinda akupuma pang'ono. Madokotala anayesetsa, koma madzi anali atawononga mapapo. Pa 17 Meyi anatsegula maso. Anayang'ana mwana wawo wamkazi, n'kunena movutikira kuti, "Iwe, ndikukudziwa. Usabwerereko." Sanayankhulenso. Anatisiya pa 19 Meyi masana, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu.

Apa ndiye ndipatuke, akuluakulu. Mwambo wa mudzi uno umati madzi amene atenga munthu sitilowamo mpaka atayeretsedwa, ndipo woyamba kutsika amakhala wa banja la wotengedwayo. Akuluakulu a boma atilonjeza kuti atumiza anthu a mabotolo a mpweya ndi boti lokokera, koma akuti mwezi wamawa. A Mi-ryeong akuti sadikira. Dzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akunola zenga la amake. Ndinati, "Mwana wa achimwene anga, ukutani?" Anandiyankha osadzutsa mutu kuti, "Azakhali, chinthu chadya amayi anga chizigona m'madzi mwathu ngati kwawo? Mawa tikaika maliro, mkuja m'mawa ndikutsika." Ndinati amako anakuletsa. Anati, "Amayi nawonso akanatsika." Ndipo n'zoona, akanatsika. N'chimene chikundiopsa kwambiri.

Zengalo ndalanda ndipo ndabisa, andide andide. Koma m'mudzi muno nyumba iti ilibe zenga? Ndiye ndikupempha pamaso pa malirowa: pasapezeke womubwereka zenga, mpeni kapena magalasi a m'madzi. Mi-ryeong, usayang'ane pansi, ndikunena iwe. Makolo anaika mwambo woyeretsa nyanja pamene choyeretsacho chinali ndere zoti uzule ndi manja. Ichi si ndere. Amako anali katswiri kuposa iwe ndi ine kuphatikiza, koma chinawagwira m'madzi a makanda. Ukondewo sukwiya, sutopa, ndipo sudziwa kuti ndiwe mwana wamasiye. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwananga. Mawa m'mawa ine ndikakhala pa mwala wolowera m'kadooko. Wofuna kutsika ayambe waponda ine. Amayi anzanga amene malemu anakumverani mluzu zaka zonsezi, bwerani mudzakhale nane, chifukwa ndekha sindimutha mwanayu.

M'malo mwa banja, ndithokoze a boti amene anatinyamula kupita kumtunda tsiku lija, anamwino amene anawasamalira mpaka mapeto, akuchikwati amene abwera ndi phala la nyemba zofiira, ndi amayi amene aphika msuzi wa nkhumba wodyetsa khamu lonseli. Zikomo nonse amene mwasiya minda yanu ya malalanje ndi ntchito zanu kudzatikhuza.

Malemu asiya azichemwali awo awiri ku Udo, zidzukulu zisanu, ndi ana atatu: a Sang-pil, a Mi-ryeong ndi a Jae-ok. Ndati atatu. Ndithandizeni kuti sabata yamawa akhale akadali atatu.

Alamu anga, mwatsika mokwana, tsopano pumulani mumtendere. Koma chonde mugone nokha kumeneko. Mwana wanuyu musamuitane.